Chakumwa cha zipatso pakhomo ndi phunziro la ku Lisungwi

Masiku ano m'mahotela ndi m'malo odyera a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe mwafala zakumwa zosakaniza zimene eni ake amazitcha cocktail. Chakumwa chotere chimapangidwa posakaniza madzi a zipatso, shuga, ndimu ndi madzi oundana, ndipo ena amathiramo mowa pang'ono pamene ena sathiramo konse. Mwa zakumwa zimenezi, china chokopa maso ndi cha kachipatso kotchedwa blueberry, kaamba ka mtundu wake wofiirira moderako umene umaoneka bwino m'tambula. Sichodabwitsa tsono kuti mphunzitsi kapena kalaliki wa boma amene walawa chakumwachi pamsonkhano angafune kudziwa ngati nkotheka kuchipanga pakhomo, ngakhale kutali ndi mzinda monga ku Lisungwi m'boma la Neno. Yankho lathu nlakuti nkotheka ndithu. Koma pofotokoza kapangidwe kake tifunanso kuunikira za zipatso za kwathu, za madzi amene timamwa, za mowa, ndiponso za mitengo imene ikutha.

Tiyambe ndi chipatso chenichenicho. Blueberry ndi kachipatso kakang'ono, kocheperapo pa nthudza, ndipo kwawo ndi ku North America. Kwa zaka mazanamazana kankangodzimerera kutchire, eni dziko a kumeneko nkumakathyola monga momwe ana athu amatolera masuku. Ulimi wake unayamba pamene Elizabeth White, mwana wa mlimi wa ku New Jersey, anagwirizana ndi Frederick Coville, katswiri wa zomera wa boma la America, kuti asankhe zitsamba zakutchire zobala bwino ndi kuzibzala m'munda. Zokolola zawo zoyamba anazigulitsa mu 1916. Coville ndiye anazindikira kuti chomerachi chimafuna nthaka ya asidi wambiri, ndipo alimi ake lero amaonetsetsa kuti muyeso wa pH ukhale pakati pa 4.5 ndi 5.5. Mizu yake njosaya, motero sichipirira chilala, ndipo mitundu yake yambiri imafuna nyengo yozizira kuti ichite maluwa bwino. Dziko la Peru ndi limodzi mwa maiko amene amagulitsa blueberry wambiri kunja, ndipo kuno kummwera kwa Africa alimi akuluakulu a ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia amalima chipatsochi m'minda yothirira ndi kuchitumiza ku Ulaya.

Aliyense wodziwa Lisungwi aona yekha kuti chipatso chotere sichingakhale cha pakhomo kumeneko. Boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003 ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 138,000, lili ndi mbali ziwiri zosiyana kwambiri. Kumtunda, kumapiri a kwa Dambe ndi ku Neno boma, nkozizira ndipo nkodziwika ndi manachesi, malalanje, mbatatesi ndi tirigu. Kumunsi, kwa Mfumu Symon, kumene mtsinje wa Lisungwi umatsikira kukathira mu Shire, nkotentha ndipo mvula imavuta. Blueberry wofika kumeneko ayenera kukhala atayenda ulendo wautali m'galimoto yoziziritsa, ndipo mtengo wake sungagwirizane ndi malipiro a mphunzitsi wa pulayimale.

Komabe dera lotenthalo nlolemera ndi zipatso zake. Kuli malambe, bwemba ndi masau zimene zimapsa m'nyengo ya chilimwe, kuli mango kuyambira cha mu November mpaka January, ndipo manachesi a kumtunda amatsikira m'misika ya m'mbali mwa msewu monga ku Zalewa m'miyezi yozizira. Pamakomo ena pali mabulosi ndi jambula, zipatso zimene mtundu wake umafanana kwambiri ndi wa blueberry. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mbiri ya blueberry yomweyo itiphunzitsa kanthu: zaka 120 zapitazo chinali chipatso chakutchire chimene sichinkalimidwa m'munda, ndipo chinasanduka chuma chifukwa panapezeka anthu amene anachiyesa kanthu.

Kapangidwe kake

Chinsinsi cha chakumwa chotere chagona pa kulinganiza zinthu zitatu: kutsekemera, kuwawasa ndi kuzizira. Choyamba ndi kukonza manyuchi a zipatso. Tengani kapu imodzi ya blueberry, kapena ya mabulosi akupsa bwino, kapena ya jambula wochotsa njere. Tsukani zipatsozo ndi madzi aukhondo, ziikeni m'poto pamodzi ndi kapu imodzi ya madzi ndi theka la kapu ya shuga, ndipo wiritsani pamoto wochepa kwa mphindi 10, mukutswanya zipatsozo ndi supuni. Zikazizira, sefani ndi sefa kapena nsalu yochapa bwino. Madzi okhathamira amene atsika ndiwo manyuchi, ndipo akwanira matambula asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pokonza tambula imodzi, thirani masupuni atatu aakulu a manyuchiwo, supuni imodzi yaikulu ya madzi a ndimu wofinya kumene, ndi madzi oundana ngati alipo. Dzazani tambulayo ndi madzi ozizira kapena ndi soda wakumwa wa m'botolo, takasani pang'ono, ndipo ponyanimo zipatso zitatu kapena zinayi zathunthu. Wofuna fungo akhoza kuwiritsira limodzi ndi manyuchi kachidutswa ka jinja. Ngati chakumwacho chatsekemera kwambiri, onjezani ndimu. Ngati chawawasa, onjezani manyuchi pang'ono. Ndimu ndi wofunika pa chifukwa china: blueberry ndi mabulosi zili ndi mtundu wokongola koma kukoma kwake nkofatsa, ndipo popanda chowawasa chakumwacho chimangomveka ngati madzi a shuga.

Apa mpamene malambe a ku Lisungwi amaonetsa ukulu wake. Viikani makapu awiri a malambe ndi njere zake zomwe mu lita imodzi ya madzi amene awiritsidwa ndi kuzizira. Pakapita ola limodzi, tikitani ndi supuni kufikira ufa wonse utachoka ku njere, ndipo sefani. Malambe sayenera kuwiritsidwa, popeza moto umaononga vitamini C amene ali wochuluka m'malambe kuposa m'malalanje. Sakanizani magawo atatu a madzi a malambe ndi gawo limodzi la manyuchi a mabulosi, ndipo ngati ndi nyengo yake finyiranimo nachesi limodzi. Malambe apereka kuwawasa ndi kukhathamira, mabulosi apereka mtundu, nachesi apereka fungo. Chakumwa chimenechi sichichita manyazi pamaso pa mlendo aliyense, ndipo ndalama yake imatsala m'manja mwa mayi wa pamsika wa komweko. Bwemba nayenso amagwira ntchito ya ndimu akaviikidwa m'madzi ofunda ndi kusefedwa.

Tikumbutse za kasungidwe. Manyuchi akhoza kukhala mlungu umodzi m'firiji, m'botolo lotsuka ndi madzi otentha. Kumene kulibe firiji, makamaka m'kutentha kwa October, chakumwa chiyenera kumwedwa tsiku lomwelo, chifukwa madzi a shuga akagonera amayamba kusasa ndi kutulutsa mpweya, ndipo botolo lotseka kwambiri likhoza kuphulika. Botolo limene munali mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena mafuta a galimoto lisagwiritsidwe ntchito ngakhale litatsukidwa kangati.

Kwa aphunzitsi, manyuchi omwewa ndi chipangizo chophunzitsira sayansi. Mtundu wa blueberry, mabulosi, jambula ndi chidede umachokera ku chinthu chimene akatswiri amachitcha anthocyanin, ndipo chimasintha maonekedwe malinga ndi chimene chasakanizidwa nacho. Thirani manyuchi osungunula m'matambula awiri. M'tambula yoyamba donthezani ndimu, ndipo madziwo afiira mowala. M'tambula yachiwiri thirani soda wophikira therere kapena chidulo, ndipo madziwo ada nkupendekera ku mtundu wobiriwira. Ana aona ndi maso awo kusiyana kwa asidi ndi alikali popanda sukulu kugula kanthu ku sitolo. Tambula yachiwiriyo njoonera chabe, siyakumwa.

Madzi ndi shuga

Chakumwa chimakoma kapena kupha malinga ndi madzi ake. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, umene unafika m'maboma onse a dziko lino, Neno yomwe, ndi kupha anthu oposa 1,700. Madera a m'mbali mwa mitsinje, kumene anthu amatunga madzi pamtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa, ndiwo amakhala pangozi kwambiri. Madzi a chakumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndipo zipatso, manja, sefa ndi matambula ziyenera kutsukidwa ndi madzi omwewo. Ambiri amaganiza kuti madzi akaundana ndiye kuti tizilombo tafa. Kuzizira sikuyeretsa madzi, ndipo madzi oundana ochokera pachitsime choipa amadwalitsa chimodzimodzi.

Mfundo imeneyi ikhudza mafirizi a malambe amene amagulitsidwa pazipata za sukulu zathu. Sitikuti malondawo aletsedwe, popeza amayi ambiri amapezerapo sopo ndi makope a ana. Tikuti mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi mlangizi wa zaumoyo akhale pansi ndi ogulitsawo ndi kumvana za madzi amene amagwiritsa ntchito. Kuchita zimenezi kolera asanabwere nkwapafupi kusiyana ndi kunyamula ana kupita nawo ku chipatala cha Lisungwi usiku.

Shuga nayenso ali ndi malire. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, kuphatikizapo wa m'madzi a zipatso, asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni a tiyi 12. Tambula imodzi ya chakumwa chathu ikhoza kutenga masupuni anayi kapena asanu mwa amenewo. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi salinso a anthu a m'tauni okha, ndipo zipatala za Neno, zimene kuyambira 2007 zakhala zikugwira ntchito limodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, zimalandira odwala otere ochokera m'midzi. Wodwala shuga achepetse manyuchi kapena adye chipatso chathunthu.

Za mowa

M'mahotela, chakumwa cha blueberry kawirikawiri chimathiridwa jini kapena vodka. Munthu wamkulu wofuna kutero pakhomo pake athire masupuni awiri aakulu okha, ndiwo mamililita 30, a mowa wa m'botolo wodziwika mphamvu yake monga Malawi Gin, ndipo ayeze ndi supuni m'malo mongopungula. Tinene mosabisa kuti apa mpamene pali msampha. Shuga ndi ndimu zimabisa ukali wa mowa, motero munthu amamwa tambula yachitatu akuganiza kuti akumwa madzi a zipatso. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Kachasu, kaya wa masau kaya wa gaga ndi shuga, asalowe m'chakumwa chimenechi. Mphamvu yake siidziwika, imasiyana botolo ndi botolo, ndipo wogula alibe njira yodziwira chimene chathiridwamo. Mowa wosayezedwa ukhoza kukhala ndi methanol, chiphe chimene chimachititsa khungu ndi kupha, ndipo kukoma kwa zipatso kumangothandiza kuti chiphecho chitsike bwino kummero. Pamwambo pamene pali ana, chakumwa cha mowa ndi chopanda mowa zisakhale m'mitsuko yofanana, ndipo mlendo aliyense auzidwe chimene chili m'tambula yake. Kumwetsa munthu mowa iye asakudziwa ndi chipongwe, ngakhale mwini phwando atati ndi nthabwala. Mayi woyembekezera, woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, ndi wodwala amene akumwa mankhwala a kuchipatala amwe chopanda mowa, chimene ndi chokoma mokwanira pachokha.

Malamulo a dziko lino salola kugulitsa mowa kwa mwana wosafika zaka 18. Aphunzitsi akukumbukira bwino zaka zimene mowa wa m'masacheti unkapezeka m'zikwama za ana a sukulu, kufikira Boma linauletsa mu 2015. Mowa umenewo unkakopa ana chifukwa unali wotsika mtengo ndipo wina unkanunkhira zipatso. Tisabwezeretse vuto lomwelo kudzera pakhomo pathu. Mwana amatsanza zimene akuona, ndipo m'mera mpoyamba. Mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'boma amene amaoneka ataledzera pamsika masana amafafaniza ndi khalidwe lake zonse zimene analankhula m'kalasi kapena pamsonkhano.

Mitengo ndi chuma

Zimene tikunenazi anthu a kumunsi kwa Neno anaziyesapo kale. M'zaka za m'ma 1990, pamene deralo linali likadali pansi pa Mwanza, midzi ya ku Kam'mwamba inayamba ntchito yosamalira nkhalango zachilengedwe mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife Society of Malawi ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Mwa ntchito zimene anthu anaphunzira panali kuweta nkhanga, kuweta njuchi, ndi kupanga zakumwa za malambe ndi bwemba zimene zinkaikidwa m'mabotolo ndi kukagulitsidwa m'mizinda. Cholinga chinali chakuti munthu aone phindu pa mtengo uli chiimire, kuti asaudule. Patapita zaka, mu 2008, maiko a European Union anavomereza ufa wa malambe kuti uzigulitsidwa ngati chakudya kumeneko, ndipo lero anthu a ku Ulaya amaugula m'timapaketi pa mtengo wokwera nkumathira m'zakumwa zawo. Chipatso chimene ena kuno amachiyesa cha ana ndi abusa a mbuzi, kwina chikuikidwa pa shelefu imodzi ndi blueberry.

Koma aliyense woyenda pamsewu wa Zalewa amaona matumba a makala. Mlambe umapulumuka ku uvuni chifukwa thunthu lake nlofewa ndipo silitulutsa makala abwino, koma bwemba ndi msau ndi mitengo yolimba imene owotcha makala amaikonda. Bwemba amatenga zaka zambiri kuti ayambe kubala, ndipo akabala amadyetsa banja chaka ndi chaka kwa mibadwo. Kumudula ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo ndalama ya makala ake siifika kumapeto kwa mwezi. Mlambe nawo uli ndi adani ake: mbande zake zimadyedwa ndi mbuzi ndi kupsa ndi moto wolusa, motero m'malo ambiri mukuoneka milambe ikuluikulu yokhayokha yopanda ina yodzalowa m'malo mwake. Mitengo ikatha, dothi limakokoloka kulowa mu Lisungwi ndi mu Shire, ndipo matope ake amakasokoneza makina opangira magetsi pa mtsinje wa Shire. Firiji yoziziritsa chakumwa mu Blantyre imadalira mitengo ya kwa Symon.

Sitikunyoza wowotcha makala, popeza ambiri amachita zimenezi chifukwa cha njala m'chaka cha chilala. Kumulalikira kokha sikungamuletse. Chimene chingamuletse ndi msika wodalirika wa zipatso, ndipo msika umenewo umayamba ndi anthu olandira malipiro pamwezi amene amakhala m'deralo. Ngati ofesi iliyonse ya boma, sukulu iliyonse ndi mpingo uliwonse ku Neno ukanamapereka chakumwa cha malambe, bwemba kapena manachesi chokonzedwa mwaukhondo pamisonkhano yake, m'malo mwa makireti a zakumwa zochokera kutali, ndalama zambiri zikanamatsala m'midzi.

Chotero tikupempha zinthu zingapo zimene zili zotheka. Alangizi a zaulimi ndi a zachitukuko aphunzitse magulu a amayi kukonza ndi kusunga madzi a zipatso, ndipo gulu lofuna kugulitsa m'mabotolo litsogoleredwe ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lakhala likuyeza katundu m'dziko muno kuyambira 1972, kuti malonda awo alowe m'sitolo popanda chikaiko. Mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi aike bwemba, msau ndi mbande za mlambe m'gulu la mitengo yosadulidwa, ndipo lamulolo ligwire aliyense mosaona nkhope. Aphunzitsi aakulu, ikafika nyengo yobzala mitengo imene imayamba mu December, abzale mitengo ya zipatso pasukulu. Mabulosi savuta, chifukwa nthambi yodula ndi kuzika m'nthaka yonyowa imaphuka yokha, ndipo ikathiriridwa m'chilimwe choyamba ndi kutchingiridwa mbuzi imayamba kubala pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Kalasi iliyonse ipatsidwe mitengo yake yoisamalira, ndipo woyendera sukulu akabwera afunse za mitengoyo monga momwe amafunsira za kaundula.

Wopeza blueberry m'sitolo ya mumzinda agule ndi kuyesa njira imene tafotokozayi, palibe cholakwa. Koma kwa ambiri a ife, makamaka amene tikutumikira kumadera onga Lisungwi, zipatso zoyenera zili pamsika wapafupi ndi kuseri kwa nyumba. Tizitsuke ndi madzi owiritsa, tichepetse shuga, mowa tiusiye kutali ndi ana, ndipo tigule kwa mayi amene watola zipatsozo pa mtengo woyenera thukuta lake. Mlendo akadzatichezera, timpatse chakumwa cha malambe ndi mabulosi, ndipo timuuze dzina la mudzi umene zipatsozo zachokera.